Jezi ya pa Bokosi

"Ukachoka ku timu ya Ng'anjo, m'nyumba muno usadzapondemonso!"

Ababa anamenya tebulo, makapu a tiyi n'kulumpha. Mlongo wanga Humble anali atakhala pafupi ndi chitseko, mwendo wamanja atausanjika pa ndowa yovundikira, chinsalu chonyowa chili pabondo. Anangoweramitsa mutu. Mnyamata ameneyu pabwalo la mpira ndi chilombo, koma pamaso pa ababa amangoti zyoli ngati nkhuku yovumbwa.

"Ababa, mwanayu akupita kukagwira ntchito," ndinatero ine. "Sakukaba ayi."

"Iwe Eveline, za mpira wazidziwira kuti? Kagulitse tomato wako ku renki ya makombi uko."

"Tomato yemweyo ndi amene munadyera dzulo."

"Eveline, pakamwa!" amayi anandidzudzula ali kukhitchini.

Nkhani inali yotere. Timu ina ya mu ligi yaikulu, ya mgodi wa pulatinamu, inali itamuona Humble akugoletsa zigoli ndipo inamufuna. Anamuuza kuti apite Lolemba akapimidwe ndi madokotala awo, akapezeka kuti ali bwino asaine. Koma Loweruka lake, Lolembalo lisanafike, timu yathu ya kuno ku Torwood, Ng'anjo Stars, inali ndi masewero omaliza a chaka. Ikanangogonja inali yoti ituluka mu ligi. Tsono bondo la Humble linali litatupa chimupondereni munthu wina ku Gweru, ndipo anesi a ku kiliniki anali atanena mosapsatira kuti lipume.

"Ababa, ine Ng'anjo sindikuikana," Humble anayankhula motsitsa mawu. "Ndaisewerera chiyambire ndili pasukulu. A ku Gweru anandifuna, munati dikira, ndinadikira. A ku Bulawayo anabwera, munati timu ikukudalira, ndinakhala. Pano ndakula. Mwayi uwu ukapita sudzabweranso."

"Ndiye uthawe pomwe anzako akumira?"

"Bondoli silikupinda, ababa. Taonani."

"Bondo! Ife tinkasewera bhora ndi nthiti zothyoka. Ine ku Shurugwi ndinamaliza masewero magazi ali chuchuchu m'mutu, atandimanga ndi sokosi."

"Ndiye anakupatsani chiyani?" ndinafunsa.

Ababa anandiyang'ana nthawi yaitali. Anafuna kukalipa koma chifuwa chinawatsekereza, chifuwa chawo chija cha fumbi la m'ng'anjo za zitsulo. Anatsokomola mpaka misozi. Atapeza mpweya anati, "Dzina. Anandipatsa dzina. Ukafunsa Gedion Nambala Faifi, Torwood yonse ikulozera khomo lino."

Munthu wosatidziwa angaone ngati ababa ndi ouma mtima chabe. Koma ife a kuno ambiri tilibe mudzi. Agogo athu anachoka ku Dedza wapansi kudzagwira ntchito mu fakitale ya zitsulo, ababa anabadwira momwe muno, nafenso chimodzimodzi. Mshona akamwalira, lole imamunyamula kupita kumudzi kwawo, kwa makolo ake. Ife amatitcha mabhurandaya, anthu opanda kwawo, ndipo manda athu ndi a kansolo. Fakitale inazima kalekale, machumuni ake angoti njo, akuchita dzimbiri. Chimene chinatsala pa zonse zimene agogo athu anamanga ndi timu ya mpira ija basi.

Ndiye timuyo ili ndi mwambo wake. Wosewera wakale akamwalira, anyamata a timu amanyamula bokosi lake paphewa, kulizungulitsa bwalo lonse, n'kukalitsitsa pagolo. Amayala jezi yake pamwamba, woyimbira mpira n'kuliza wezulo womaliza, kenako onse n'kulowera kumanda akuimba. A Nehemiya, amene anali goloboyi nthawi ya ababa, anawachitira zimenezi chaka chatha, Torwood yonse inakhamukira komweko. Koma a Gracian, amene anasiya Ng'anjo pa unyamata wawo n'kukasewerera timu ya ku Gweru, atamwalira komiti inati si athu. Anapita kumanda pa kangolo kobwereka, anthu ake owerengeka. Ababa anali m'modzi mwa owerengekawo, ndipo anabwerako osayankhula ndi munthu. Jezi yawo yofiira, ya nambala faifi, amaisunga mu sutikesi pansi pa bedi, itapindidwa bwinobwino, kudikira tsiku lawo.

Mkati mwa sabata yomweyo kunabwera a Tickey, wapampando wa timu. Munthu ameneyu mpira sanaumenyepo chibadwire, mimba yake yokhayo ikuchitira umboni, koma ali ndi mabala a mowa awiri ndi galimoto, ndiye anthu anamuika pampando. Anakhala pa mpando wa ababa, amayi n'kumugwadira ndi tiyi.

"Makadii, muli bwanji, mudhara Gedion? Chifuwa chikuti bwanji?"

"Tikuyesera, a tcheya."

"Aiwa, mulimbe. Inu ndinu mizati ya Ng'anjo." Anatembenukira kwa Humble akumwetulira. "Mfana, ife sitikukuletsa kupita. Ndani angaletse mwana kukadya bwino? Kalata yokumasula tikupatsa. Koma tsanzika ngati munthu. Sewera Loweruka, utipulumutse, Lolemba uzipita anthu akukuimbira m'manja."

"Bondo, a tcheya."

"Bondo ndi nkhani? Tili ndi mnyamata wathu wa majekiseni. Kamodzi kokha, sumva kanthu. Matimu onse amatero."

"Anesi anati apume," ndinalowerera ine. "Jekiseniyo ichotsa ululu, koma kodi ichotsa chotupacho?"

A Tickey anaseka osandiyang'ana n'komwe. "Mudhara, mwana wanu wamkaziyu akanakhala loya." Kenako anaika kapu pansi, nkhope n'kuisintha. "Ine ndikungoopa pakamwa pa anthu. Mukuwadziwa masapota athu. Timu ikatuluka Humble ali pa benchi, Lolemba n'kumuona wakwera basi, adzati banja la a Gedion lagulitsa Ng'anjo. Ndiye zinthu ngati zimenezo anthu saiwala. Mukukumbukira za a Gracian. Ine sindingafune kuti tsiku lina komiti idzavutike kuganiza za munthu ngati inu."

Ine magazi anawira, ndinafuna kumuthira tiyi yemweyo kumaso. Munthu wamkulu kubwera m'nyumba mwa wodwala, kudzamuopseza ndi maliro ake omwe, akumwa tiyi wake! Koma amayi anandiponda chala, ndinameza mawu.

Mawa lake Humble ananditsatira ku renki ya makombi kumene ndimagulitsa. Anabwera akutsimphina, n'kukhala pa kireti.

"Kwera kombi iyo," ndinamuuza. "Pita kwa azakhali ku Mbizo, ukabisale mpaka Lolemba. Ababa ndithana nawo ine."

"Sisi, mwamva mmene akutsokomolera masiku ano?"

"Ndamva. Nanga bondo lako ndi mankhwala a chifuwa?"

"Sindikunena zimenezo." Anatola tomato m'modzi n'kumamutembenuza m'manja. "Dzulo ndinawapeza atatsegula sutikesi, akuisisita jezi ija. Sanandione. Sisi, munthu uja alibe munda, alibe ng'ombe, penshoni inapita ndi fakitale. Chimene akudikira ndi kuzungulira bwalo kamodzi kokha ali m'bokosi. Ndiwalande chimenechonso?"

"Iwe uli ndi moyo, Humble. Iwo akuganiza za tsiku limene sadzaliona n'komwe."

"Shuwa. Koma tsikulo likadzafika ine ndi inu tidzaliona. Tidzawakankha pa ngolo ngati a Gracian, anthu akutiloza."

"Atiloze! Zala zawo zidzatopa."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Ndi masewero amodzi okha. Ndisewera mochenjera, sindilimbana ndi munthu. Ndikagoletsa ndipempha kutuluka."

"Humble, ndakupempha."

"Nanenso Ng'anjo ndimaikonda, sisi. Musaiwale. Nsapato zanga zoyamba anandigulira ndi masapota."

Anabweza tomato uja pamulu n'kunyamuka. Ndinamuyang'ana akuwoloka msewu, akukoka mwendo, ndipo mtima wanga unandiuza kuti ndalephera.

Loweruka bwalo linadzaza mpaka ana kukwera m'mitengo. Ine mpira sindiukonda, koma ndinatseka malonda n'kupita. Ababa anavala jekete, anawapatsa mpando kutsogolo, pafupi ndi a Tickey. Ndinazungulira kuseri kwa chipinda chovalira ndipo ndinaona ndi maso angawa: mnyamata wa majekiseni uja, amene ngakhale chitupa cha unesi ndikukayika ngati anachionapo, akutulutsa kabotolo m'chikwama n'kumubaya Humble pabondo penipeni. Posakhalitsa Humble anadumphadumpha n'kumwetulira. Ululu unali utapita, koma bondo linali lomwe lija.

Chigawo choyamba chisanathe anagoletsa. Mpira unachokera kukona, iye n'kuuluka pamwamba pa onse, kuumenya ndi mutu, uwo mu ukonde. Bwalo linagwedezeka, anthu akufuula dzina lake. "Hambo! Hambo! Mwana wa Faifi!" Ababa anaimirira, chipewa m'mwamba, akulira ngati mwana. Sindiname, nanenso ndinakuwa.

Pa nthawi yopuma ndinamuona akuyankhula ndi kochi, akuloza bondo. Kochi anayang'ana kwa a Tickey, a Tickey anapukusa mutu. Mnyamata wa chikwama uja anaitanidwanso.

Chigawo chachiwiri chili pakati, Humble anathamangira mpira kumbali. Panalibe amene anamugunda. Anangoponda n'kufuna kutembenuka, mwendo n'kupindikira kumene mwendo supindikira. Kulira kwake ndinakumva ndili kuseri kwa waya, pakati pa ng'oma ndi mavuvuzela onse aja. Anamutulutsa pa machira n'kumugoneka kunja kwa mzere, masewero n'kupitirira.

Ng'anjo inapambana ndi chigoli chake chomwecho. Wezulo womaliza atalira anthu anathyola waya, kunyamula a Tickey m'mwamba, kuzungulira nawo bwalo akuimba. Galimoto ya a Tickey inatsogolera gulu lonse kupita ku bala. Ife tinatsala pa udzu, ine, ababa ndi Humble. Amene anatithandiza ndi dalaivala wa kombi wina amene amagula tomato kwa ine. Anatsitsa anthu ake n'kutitengera kuchipatala ku Kwekwe.

Dokotala atamuunika anafunsa funso limodzi: "Anamulola ndani kusewera ndi bondo lotere?" Anatiuza kuti mitsempha ya m'bondo yaduka, pakufunika opaleshoni ya akatswiri ku Harare kapena ku Bulawayo, ndipo ngakhale itatheka, za mpira tisayembekezere zambiri. Opaleshoni yakeyo tonse tinadziwa kuti tomato wanga sangaifikire. Anamumanga bandeji, kumupatsa ndodo zoyendera, tinabwerera kunyumba.

Lolemba linafika n'kudutsa. A pulatinamu anaimba foni kamodzi, mwaulemu ndithu, kupepesa ndi kumufunira kuchira msanga. Sanaimbenso.

Masabata otsatirawo ababa ankakhala pakhonde kuyambira m'mawa, maso ali kumsewu. Galimoto iliyonse ikamveka ankakonza kolala.

"Abwera," ankatero. "Ng'anjo siitaya munthu wake. Panopa atanganidwa ndi zikondwerero."

"Zikondwerero za mwezi wathunthu?" ndinkafunsa.

"Komiti imayenda ndi dongosolo, iwe. Akhale pansi kaye, akambirane za opaleshoni."

Anzake a Humble awiri atatu anabwera kudzamuona masiku oyamba, kenako nawonso anazilala. Iye ankangogona chagada, kuyang'ana malata. Jezi yake ya nambala naini, imene anapita nayo kuchipatala ili m'thupi, amayi anaichapa, iye n'kuiika pansi pa pilo. Sanadandaule, sanaloze munthu chala. Kukhala chete kwakeko n'kumene kunkandipweteka kuposa kulira.

Mvula yoyamba itagwa, uthenga unafika woti a Tickey abwera masana. Ababa anasanduka mnyamata. Anameta ndevu, anavala jekete ija, anatuma amayi kukagula buledi ndi mkaka.

"Ndinakuuzani," anatero akundiloza. "Iwe ndi pakamwa pakopo, lero uchita manyazi."

"Ndichite manyazi ine, bola mwanayu achire," ndinayankha. Ndipo ndinkanena zoona. Tsiku limenelo ndinafunitsitsa kuti ababa akhale olondola.

A Tickey anafika ndi mnyamata wosunga mayunifolomu a timu, atanyamula chithumba. Injini ya galimoto sanazimitse.

"Lowani, a tcheya, khalani," anatero ababa. "Amake Eveline, tiyi!"

"Aiwa, mudhara, tili pa changu. Mfana, zikuyenda? Ukuoneka bwino, wanenepa." Anamugwira Humble paphewa. "Tabwerera nkhani yaing'ono. Pali mpikisano wa Khirisimasi, ndiye mayunifolomu athu mukudziwa ndi seti imodzi yokha. Naini ikusowa. Tapeza kamnyamata kena ka ku Mbizo, kothamanga ngati mphepo, ndiye kakufunika jezi."

Amayi anaima pakhomo la khitchini, thireyi ili m'manja.

"Jezi," anatero ababa, ngati sanamve bwino.

"Jezi basi, mudhara."

"Nanga za bondo la mwanayu? Dokotala akuti opaleshoni."

A Tickey anakanda m'mutu. "Zvakaoma, mudhara, n'zovuta. Komiti inakambirana. Vuto ndi loti mfanayu paja anali atatsanzika kale. Kalata yomumasula tinali titalemba masewero asanachitike, monga tinalonjezera. Ndiye pa malamulo si wosewera wathu. Amene akanamuthandiza ndi a pulatinamu aja."

"A pulatinamu akuti si wawo poti sanasaine," ndinatero ine. "Inu mukuti si wanu poti anatsanzika. Nanga chigoli chija chinali cha yani? Bwanji osachibweza?"

"Sisi, musakwiye ndi ine, ine ndi wantchito chabe wa komiti."

"Pomubaya jekiseni kawiri munafunsa komiti?"

"Eveline," Humble anandiletsa. Anapisa dzanja pansi pa pilo, kutulutsa jezi ija, kuiyang'ana pang'ono, n'kuipereka. Mnyamata uja anaiponya m'chithumba pamodzi ndi masokosi, maso ali pansi.

A Tickey atafika pakhomo anatembenuka, n'kugwira dzanja la ababa ndi manja awiri. "Koma inu mudhara musadere nkhawa. Banja lanu laonetsa kukhulupirika. Tsiku lanu likadzafika, Ng'anjo yonse idzakunyamulani. Tidzakuzungulitsani bwalo kawiri."

Ababa anayang'ana dzanja lawo lili m'manja mwa munthu uja mpaka analisiya. Galimoto inapita. Buledi anatsala pa thireyi, wosakhudzidwa.

Tinakhala choncho, aliyense kuopa kuyang'ana mnzake. Ine mawu anali atadzaza m'kamwa, aja oti ndinanena ine, koma nditaona nkhope ya ababa anandithera. Anali atakalamba zaka khumi masana amodzi.

Kenako anadzuka n'kulowa kuchipinda. Tinamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi. Anatuluka ndi jezi yofiira ija, ikununkha mankhwala a njenjete, nambala faifi yake itayamba kusuluka.

"Amake Eveline, ndipatseni sizasi. Muikenso madzi pamoto."

"Abambo a Eveline, imeneyo ndi ya pa bokosi!"

"Ndati sizasi."

Amayi anabweretsa akulira. Ababa anaiyala jezi ija pa tebulo, anailowetsa sizasi m'munsi n'kudula mpaka kukhosi, kupyola pakati pa nambala. Anaidula mizeremizere, mosathamanga, ngati telala. Bandeji ya kuchipatala ija inali itatha kale mphamvu, imangokhwefuka. Madzi atafunda, ababa anagwada pansi patsogolo pa Humble. Chibadwire sindinawaonepo atagwadira munthu, kupatula m'tchalitchi. Anamasula bandeji yakale, anathowa bondo lija pang'onopang'ono, n'kuyamba kulikulunga ndi nsalu zofiira zija.

"Ababa, musatero," Humble anatero, misozi ikutsika. "Ndinasewera ndekha. Simunandinyamule kupita nane pabwalo."

"Ndinakunyamula, mwanangu," anatero ababa. "Ndinakunyamula ine. Ndinafuna anthu odzandinyamula nditafa, ndiye ndathyola mwendo wa amene akanandiyendetsa ndili moyo." Chifuwa chinawagwira, anadikira mpaka chinawasiya, n'kumanga mfundo yomaliza. "Ikuthina?"

"Ayi, ili bwino."

Anatembenukira kwa ine ali chigwadire. "Eveline, iwe ndiwe wa pakamwa, udzanene ndiwe. Ndikadzafa mudzandinyamule molunjika kumanda, kaya ndi pa ngolo. Kubwalo musadzadutseko."

Ndinangogwedeza mutu. Ndinali nditalakalaka kwa nthawi yaitali kuti ababa adzaone zimene ine ndinkaona, koma tsiku limene anaziona ndinawamvera chisoni chimene sindinamvepo.

Kubwalo kunamveka wezulo, anyamata atayamba kukonzekera mpikisano wa Khirisimasi. Humble anatembenuzira mutu komweko, mwachizolowezi. Ababa anagwira tebulo, anadzuka movutikira, n'kupita kukatseka zenera.